Nkhope yokha siifikitsa munthu pa kanema

Pa Nthalire, m'boma la Chitipa, monga m'malo ambiri ochitira malonda kuno kumpoto, filimu imaonedwa m'kanyumba ka mabenchi. Pakhomo pamakhala nsalu yotchinga, ndipo sipika imakhala panja ikukuwa kuti odutsa adziwe zimene zikuchitika mkati. Ena amaonera pa foni, mnyamata wa pakompyuta atawaikira mafilimu mu memore khadi: a ku Nigeria, a ku Tanzania, ndi a karate aja omasuliridwa m'Chichewa. Mtsikana wokongola akangotulukira pa sikirini, ndemanga zimayamba kumbuyo kwa benchi. "Ameneyu inamupatsa ntchito ndi nkhope." Wina n'kuwonjezera kuti, "Ayi ndithu, pali bwana amene anamutola." Onena zimenezi si anthu oipa mtima. Akunena zimene maso awo aona, poti filimu imatha maola awiri okha, ndipo zaka zimene munthuyo anakhetsa thukuta asanafike pamenepo sizioneka.

Titenge Joyce Mhango Chavula, dzina limene aliyense wotsata mafilimu a ku Malawi amalidziwa. Ambiri anayamba kumumva mu 2016, pamene filimu yake yotchedwa Lilongwe inapata mphoto ku Lagos, pa mpikisano wa Africa Magic Viewers' Choice Awards, ngati filimu yopambana ya kummwera kwa Africa. Kwa womvera wailesi tsiku limenelo, zinali ngati mayiyu wangotulukira. Koma iye anayamba zisudzo ali ku sekondale. Anadutsa m'magulu a zisudzo angapo, kuphatikizapo Wanna-Do Ensemble Theatre ya malemu Gertrude Kamkwatira. Mu 2009 anasiya ntchito yolembedwa, ya malipiro a pamwezi, n'kuyambitsa gulu lakelake la Rising Choreos. Filimu yake yoyamba, No More Tears, inatuluka mu 2013. Kuchokera pamene anasiya ntchito kufikira tsiku la ku Lagos panadutsa zaka pafupifupi 7, osawerengera za kusukulu ndi za m'magulu a eni. Ndipo mphoto ija sanamupatse chifukwa cha maonekedwe. Inali ya filimu yonse, kutanthauza nkhani yake, kajambulidwe kake, ndi luso losonkhanitsa anthu kuti agwire ntchito imodzi mpaka ithe.

Gertrude Kamkwatira yemwe uja naye sanafike pamwamba mwangozi. Anakhwimira mu Wakhumbata Ensemble Theatre, gulu limene Du Chisiza Jr anayambitsa mu 1987, ndipo Du atamwalira mu 1999 ndi iye amene anatsogolera gululo asanakayambitse lake. Ankalemba masewero, kuwatsogolera, ndi kuchita nawo yekha pa nsanja, mpaka imfa yake mu 2006. Anthu a ku Chitipa asaiwale kuti banja la a Chisiza kwawo ndi ku Karonga, boma loyandikana ndi lawo. Zisudzo za dziko lino zili ndi mizu kumpoto kuno, si za ku Blantyre kokha ayi.

Kukongola kumathandiza, tisanamizane. Kamera imakonda nkhope zina. Koma wokongola amene satha kuloweza mawu a masamba makumi awiri, amene sangalire kasanu motsatizana chifukwa wojambula akuti kuwala sikunali bwino, amene amakwiya akauzidwa kuti abwereze, samaliza ngakhale sabata imodzi. Kachigawo ka mphindi ziwiri kamene timaonera tikutafuna mtedza kamatha kudya tsiku lathunthu, munthu ataima padzuwa ndi chovala chomwecho, osaloledwa kuchidetsa.

Palinso chikhulupiriro chakuti amene waoneka pa kanema ndiye kuti walemera. Kuno kwathu zimenezo n'zosowa. Nyumba zoonetsera mafilimu zolipiritsa bwino n'zowerengeka, ndipo filimu ikangotuluka, imafalikira m'mafoni mwini wake osaonapo tambala. Bungwe la COSOMA lakhala likulimbana ndi kukopera ntchito za aluso popanda chilolezo, koma mlandu umenewu tonse tili nawo, ine ndemwe. Ambiri mwa akatswiri athu a zisudzo ali ndi ntchito ina kapena kabizinesi kamene kamawadyetsa.

Chikhulupiriro chimene chimapweteka kwambiri ndi china. Makolo ambiri, a ku Nthalire ndi a kwina konse, amaopa kuti mwana wamkazi akalowa zisudzo ndiye kuti walowerera. Amati amene amachita bwino mbali ya hule ndiye kuti uhulewo amaudziwa, ndipo wa mbali ya mfiti sangalephere kukhala ndi kanthu. Patience Ozokwor wa ku Nigeria, amene ambiri amamutcha Mama G, wachita mbali ya mpongozi wankhanza kambirimbiri moti ena amamuda ngati anawalakwira iwo. Komatu kumuda kumeneko ndi umboni wakuti ntchito amaitha. Mu filimu ya Shemu Joyah yotchedwa The Road to Sunrise, ya mu 2017, Mirriam Phiri anachita mbali ya Rubia, mayi woyendayenda wa mu mzinda wa Blantyre. Filimuyo inapata mphoto yomwe ija ku Lagos mu 2018. Mbali ngati imeneyo munthu amachita kuiphunzira, kufunsa, kuyeserera, kenako kuivula pamodzi ndi chovala chake ntchito ikatha. Mnyamata akachita mbali ya chigawenga timamuombera m'manja n'kumati ali ndi luso. Mtsikana yekha ndi amene timamutsatira mpaka kunyumba ndi mbali imene anachita.

Nanga zija zakuti pali bwana amene anamutola? Apa mpofunika kuyankhula mosamala, chifukwa muli kachoonadi. Amuna ofuna kugona ndi mtsikana kuti amupatse mpata alipo, m'zisudzo, m'maofesi, m'masukulu, ngakhale m'makwaya. Lupita Nyong'o wa ku Kenya, amene anapata mphoto ya Oscar mu 2014 chifukwa cha filimu ya 12 Years a Slave, analemba mu nyuzipepala ya New York Times mu 2017 kufotokoza momwe Harvey Weinstein, mwini mafilimu wamphamvu kwambiri ku America panthawiyo, anamuvutitsira iye akadali wophunzira. Lupita anamukana. Chimene chinamukweza ndi zisudzo zimene anayamba ku Nairobi ali ndi zaka 14, ntchito ya kuseri kwa kamera imene anagwirapo, ndi maphunziro a zisudzo ku Yale. Weinstein uja anathera m'ndende. Choncho pamene tikuti "anatoledwa ndi bwana" timakhala tikulakwitsa pawiri: tikumulanda mkazi thukuta lake, komanso tikuphunzitsa anyamata amene akumvetsera kuti umu ndi momwe dziko limayendera. Ku Malawi lamulo la Gender Equality Act la mu 2013 limati kuvutitsa munthu pomufuna zachiwerewere ndi mlandu, ndipo wopezeka wolakwa angathe kukakhala kundende zaka 5.

Apa ndi pamene nkhani ya mtsikana wa mufilimu imakumana ndi nkhani ya unjonda. Ambiri timaganiza kuti njonda ndi mwamuna wa suti, nsapato yonyezimira, Chingerezi chosalala ndi chikwama chonenepa. Amene anaonera Seasons of a Life, filimu yoyamba ya Shemu Joyah, akukumbukira kuti bambo amene anapatsa mimba mtsikana wantchito wa m'nyumba mwake anali wotero ndithu, wophunzira ndi wolemekezeka pagulu. Mtsikanayo, amene mbali yake anachita Flora Suya, anakakamizika kusiya mwana wake kuti apitirize sukulu, n'kudzabwera patapita zaka kudzamenyera mwanayo. Flora Suya anasankhidwa kupikisana nawo pa mphoto za Africa Movie Academy Awards mu 2010 chifukwa cha mbali imeneyi, ndipo mnzake Tapiwa Gwaza anabwera nayo mphoto ya wothandizira wopambana. Filimuyo inationetsa poyera kuti suti imabisa zambiri.

Unjonda weniweni ndimauona kwambiri pa msewu wa fumbi wochokera ku Chitipa boma kudzera ku Chisenga ndi ku Wenya. Nthawi ya dzinja, galimoto ikapezeka imakhala lole kapena kapikapu kodzaza matumba, ndipo aliyense amafuna malo a kutsogolo. Taonani amene amatsika pampando n'kunena kuti, "Amama, khalani kuno, ine ndikwera kumbuyo," chifukwa waona mayi wa mwana kumsana. Taonani mnyamata amene amagwira dzanja mtsikana kuti akwere pamwamba pa matumba, dzanjalo n'kuthera pomwepo, osayendayenda. Galimoto ikatitimira m'matope, amavula nsapato n'kukankha, osayamba kutukwana dalaivala pamaso pa apongozi a eni. Wa njinga yamoto amene wanyamula mtsikana wa sukulu madzulo n'kukamutsitsa pakhomo penipeni, osapempha nambala ya foni, ameneyo ndi njonda ngakhale jekete lake litang'ambika pamkono. Zimenezi sanaziphunzire mufilimu. Ndi mwambo wakale wa kuno, womwe uja umene umati mwamuna apatuke panjira apongozi akamabwera, ndi kuti mlendo ayambe wamwa madzi asanafunsidwe chimene wadzera.

Anyamata ena amaopa ulemu wotere chifukwa cha anzawo. Mwamuna akathandiza mkazi wake kusenza mtolo wa nkhuni, kapena akanyamula mwana popita kuchipatala, pabwalo la bawo pamamveka kuti anamudyetsa khuzumule. N'zoseketsa, ndipo nanenso ndimaseka, koma taganizani amene amanena zimenezi kawirikawiri. Si kawirikawiri kupeza kuti kwawo kuli mtendere woposa wa munthu amene akumusekayo. Enanso amati, "Ndinalowola, ng'ombe zinapita, ndiye mawu omaliza ndi anga." Akuluakulu amene amayendetsa nkhani za malowolo amanena okha kuti ng'ombe zija ndi zomanga ubale wa mabanja awiri ndi kuthokoza makolo. Mkazi amene anali ndi luso loimba kapena lochita sewero asanakwatiwe, luso lija silinapite nawo m'khola la atate ake.

Pali amuna ena amene amaganiza kuti kulongosola akazi ndiye ulemu, ndipo amadziona ngati alonda a chikhalidwe. Mu January 2012 anyamata ena ogulitsa malonda ku Lilongwe ndi ku Blantyre anavula amayi ovala mathalauzi ndi masiketi aafupi pamsewu, ati pofuna kuteteza mwambo, chonsecho lamulo loletsa zovala zimenezo linathetsedwa mu 1993. Amayi anasonkhana ku Blantyre kudzudzula mchitidwewo, ndipo Joyce Banda, amene panthawiyo anali wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, anali nawo. Palibe mwambo wa mtundu uliwonse m'Malawi muno umene umalola mwamuna kuvula mayi wa eni pagulu. Masiku ano kuvulako kunasamukira pa Facebook ndi pa WhatsApp. Chithunzi cha katswiri wa zisudzo chikangoikidwa, amuna akuluakulu, ena a maudindo kumpingo, amayamba kukambirana za thupi lake ngati akugula mbuzi pamsika. Amaiwala kuti mayi ake ali ndi foni, ndipo akuwerenga.

Tibwere kwa mtsikana wa ku Nthalire amene ali mu kalabu ya zisudzo pa sekondale yoyendera. Iyeyu ali kale ndi mwayi umene a m'tauni ambiri alibe. Kunyumba amayankhula Chitumbuka, kusukulu Chingerezi ndi Chichewa, ndipo m'boma la Chitipa, lodziwika ndi zinenero zambiri, khutu lake linazolowera Chilambya, Chindali ndi Chisukwa. Wa zisudzo amadya ndi khutu ndi lilime. Njira imene ena anadutsa ndi yomweyi ya masewero a kusukulu. Du Chisiza mwiniwakeyo anayamba kudziwika mu 1982 ali wophunzira pa sekondale ya HHI ku Blantyre, sewero lake litapambana pa mpikisano wa masukulu.

Chimene chimamuimitsa mtsikana wotere kawirikawiri si kusowa luso. Ndi amuna omuzungulira. Mphunzitsi woyang'anira kalabu amene amati atsikana atsale pambuyo ena onse atapita. Anyamata a pa sitolo amene amamuitana ndi dzina la mbali imene anachita, mwachipongwe, mpaka iye kulumbira kuti sadzakweranso pa nsanja. Bambo amene amamva mphekesera kumowa n'kubwera kudzaletsa osafunsa n'komwe kuti sewerolo linali lonena chiyani. Koma amunanso omwewa ndi amene angamutsegulire njira popanda kulipiritsa kanthu. Mphunzitsi wabwino amayeserera ndi ana chitseko chili chotsegula, amamaliza dzuwa lisanalowe, ndipo amaonetsetsa kuti pali mphunzitsi wamkazi pa ulendo uliwonse. Mlongo wake amabwera kudzamutenga zoyeserera zikachedwa, osamukalipira panjira. Chibwenzi chake, ngati chilipo, chimamvetsa kuti kugwirana dzanja ndi mnyamata wina pa nsanja ndi ntchito, ndipo sichimuikira malire akuti asankhe pakati pa icho ndi sewero.

Sindikunena kuti mtsikana aliyense wa mu kalabu adzafika ku Lagos. Ambiri adzakhala anamwino, aphunzitsi, alimi a fodya ndi nyemba, ndipo zisudzo zidzangowasiyira kulimba mtima poyankhula pagulu, chimene si chinthu chochepa pa msonkhano wa mudzi. Mantha a makolo nawo si opanda pake, chifukwa ulendo wochoka ku Nthalire kupita ku Chitipa boma kapena ku Mzuzu ndi wautali, ndipo mwana amakagona kwa eni.

Ndiye adada, mwana wanu akadzabwera ndi kalata ya kusukulu yopempha kuti apite ku mpikisano wa zisudzo, musaing'ambe. Pitani kwa ahedi mukafunse kuti akupita ndi mphunzitsi wamkazi uti, akagona kuti, ndipo abwera liti. Mukakhutira, mupatseni ya thiransipoti ndi kangachepe ka m'thumba, ndipo tsiku limene adzachite sewerolo pasukulu pompo, mudzapite mukaonere.