Phewa la Woponya Lisafulumizidwe

Ndikamaona asungwana a ku Mponela ndi ku Malomo akusewera ntchemberembaye, mtima uli pa kudzavala malaya a Malawi Queens, kapena anyamata a m'mapiri a Ntchisi akuponya nthungo pa mipikisano ya sukulu, ndimagwidwa chifundo. Pakuti phewa, limene mphako yake ndi yosazama ndipo limagwiridwa ndi timinofu tinayi, limatopa msanga pamodzi ndi mtsempha wa m'kati mwa chigongono, makamaka woponya akaiwala kuti mphamvu imachokera m'miyendo ndi m'chiuno.

Ululu ukayamba, mwanayo aleke kuponya, koma mkono asaumange masabata ambiri, ungaume. Ayambe wautambasula pang'onopang'ono. Ululu ukazilala, akoke mphira ya chubu cha njinga, chigongono chili chogunda nthiti, kufikira mkonowo utalingana mphamvu ndi unzake. Pamenepo ndipo aponye pafupi, nadumphitsa tsiku, asanatalikitse. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Koma phewa likaguluka, kapena zala zikachita dzanzi, inu aphunzitsi ndi makolo, musathamangire kutema mphini. Pitani naye kuchipatala cha boma ku Dowa kapena ku Ntchisi, kumene angamutumize ku Kamuzu Central ku Lilongwe.