KAUNDULA WATSOPANO WA AMISIRI PA MSIKA WA ETSY

Kalaliki aliyense wosunga katundu wa Boma adziwa kuti mlandu uyambira m'buku. Buku likanena kuti mabulangete alipo 10, pamene m'nyumba yosungiramo katundu muli 8 okha, woyankha mlandu ndi iye amene agwira cholembera. Vuto lomweli likhudzanso amisiri a ntchito zamanja amene agulitsa zinthu zawo pa Etsy, msika wa pa intaneti umene unatsegulidwa m'chaka cha 2005 ku Brooklyn, mumzinda wa New York, m'dziko la America.

Pamsika umenewu pali oumba mbiya, osema ziboliboli, oluka, osoka, osula mphete ndi ojambula zithunzi a m'maiko ambiri. Aliyense apatsidwa sitolo yake, ndipo ogula aona zithunzi ndi mitengo. Koma kuseri kwa sitoloyo kuli tsamba lina loonedwa ndi mwini wake yekha, limene liri ngati ofesi yake. Mmenemo ndimo alemba katundu amene ali naye, alandira maoda, ndi kuwerengera ndalama zake.

CHOVUTA CHA MMISIRI

Fakitale ipanga makapu chikwi ofanana, kotero kuti imodzi ikasowa, ina ilowa m'malo mwake. Woumba alibe mwayi wotere, pakuti mbiya imene waumba ndi yokhayo padziko lonse. Akaigulitsa pamsika wa kwawo Loweruka masana, naiwala kuichotsa m'kaundula, munthu wina ku London akhoza kuilipira usiku womwewo. M'mawa mwake mmisiri ayenera kubweza ndalama ndi kupepesa, ndipo wogula wokhumudwayo akhoza kulemba mawu oipitsa sitoloyo pamalo oonekera kwa onse.

M'chaka cha 2017 eni ake a msika anakonzanso tsamba la ogulitsa nalitcha Shop Manager. Zinthu zimene kale zinali mbalambanda pamasamba osiyanasiyana anaziika pamodzi: ndandanda ya katundu, maoda oyembekeza kutumizidwa, makalata a ogula, ndalama zolowa ndi zotuluka, ndiponso chiwerengero cha anthu amene azonda sitoloyo. Wosoka malaya a mitundu itatu ndi misinkhu inayi anayamba kukhoza kulemba kuchuluka, mtengo ndi nambala ya mtundu uliwonse pawokha. Chinthu chikagulidwa, chiwerengero chitsika chokha, ndipo chikatha, chileka kuonekera kwa ogula. Ichi chinali chithandizo chenicheni kwa munthu amene ali mmisiri, kalaliki ndi mtengatenga nthawi imodzi.

BUKU LIYAMBA KUYESA MWINI WAKE

Komatu tsamba lotha kuwerenga mbiya litha kuwerenganso zochita za woumba. M'chaka cha 2021 kampani inakhazikitsa chizindikiro cha ulemu chotchedwa Star Seller. Kuti munthu achilandire, anayenera kuyankha makalata oyamba a ogula 95 mwa 100 alionse asanathe maola 24, kutumiza katundu m'nthawi yake pa muyeso womwewo, ndi kuyamikiridwa kwambiri ndi ogula. Zonsezi zinayesedwa pa ntchito ya miyezi 3, ndipo zotsatira zake zinaonekera patsamba lomwe lija la wogulitsa.

Kwa wogula lamuloli ndi labwino, pakuti palibe akondwera kudikira yankho sabata yathunthu. Koma muyeso uli umodzi kwa anthu osafanana mphamvu. Kuyambira 2013 msikawu unalola ogulitsa kulemba antchito ndi kupangitsa zinthu zawo kwa ena. Motero wosema amene ali yekha, amene manja ake ali pa sompho tsiku lonse, anayamba kuyesedwa pamodzi ndi sitolo yokhala ndi munthu wongoyankha makalata. Kompyuta siidziwa kuti mwana wadwala, kapena kuti dongo lachedwa kuuma chifukwa cha mvula.

MSONKHO NDI SITALAKA

Ndalama zolipira kwa eni msika nazo zinakwera. Pa zaka zambiri wogulitsa ankalipira masenti 20 poika chinthu chimodzi pamsika kwa miyezi 4, ndi masenti 3 ndi theka pa dola iliyonse ya chinthu chogulidwa. Mu 2018 gawo lachiwirili linafika pa masenti 5, ndipo pa 11 Epulo 2022 linafika pa masenti 6 ndi theka. Akuluakulu a kampani anafotokoza kuti ndalamazo zidzathandiza kuitana ogula ambiri ndi kusamalira bwino ogulitsa.

Tsiku lomwelo amisiri zikwizikwi ananyanyala kwa sabata imodzi. Njira imene anachitira ndi yoyenera kuilingalira. Patsamba la wogulitsa pali batani lotsekera sitolo kwa kanthawi, lokonzedwera munthu wopita ku tchuthi, ndipo ndilo anadina onsewo. Chida chimene eni msika anawapatsa ndicho chinasanduka pakamwa pawo. Ngakhale zinali choncho, mtengo watsopanowo sunasinthidwe.

PHUNZIRO LAKE

Akulu akale anati nkhwangwa yobwereka sichedwa kuguluka. Tsamba lokonzedwa bwino lipulumutsa mmisiri ku manyazi ogulitsa chinthu chimodzi kawiri, koma tsambalo si lake. Mwini msika ndiye asankha chimene chioneke pamwamba, chimene chiwerengedwe, ndi mtengo wa kukhalapo, ndipo akhoza kuzisintha tsiku lililonse.

Chifukwa chake aphunzitsi a ntchito zamanja, pamodzi ndi antchito a Boma olangiza magulu a amisiri, achita bwino akaphunzitsa zinthu ziwiri. Choyamba, mmisiri asunge buku lakelake, lolembamo chinthu chilichonse ndi nambala yake, ndalama zimene zalowa pochipanga, tsiku logulitsa ndi phindu lotsala atachotsa zonse zolipira. Chachiwiri, ngati gulu lifuna kukonzetsa tsamba lake logulitsira, okonzawo ayambe akhala tsiku lathunthu pambali pa woumba ndi wosema, aone nthawi imene manja awo apeza mpata wogwira foni. Tsamba lokonzedwa popanda kuwafunsa lidzawerenga katundu molondola ndithu, koma lidzawaweruza ndi muyeso wa fakitale.