Kodi Mumadziwa? Milu ya Miyala ya ku Balmoral

Pa mapiri ozungulira nyumba yachifumu ya Balmoral, ku Aberdeenshire m'dziko la Scotland, pali milu ya miyala imene inaunjikidwa ngati chikumbutso. Yambiri inamangidwa m'nthawi ya Mfumukazi Victoria.

Mulu wina unamangidwa mu 1852 pa phiri la Craig Gowan, posangalala kuti mwamuna wa mfumukaziyi, Prince Albert, wagula malowa. Victoria ndiye anaika mwala woyamba, ana awo n'kumatsatira, wamkulu patsogolo, kenako antchito ndi anthu a m'deralo. Albert anakwera pamwamba n'kuika mwala womaliza. Tsikulo anthu anamwa wisiki ndi kuvina.

Milu ingapo imakumbutsa maukwati a ana a mfumukaziyi, monga wa mwana woyamba, Victoria, amene anakwatiwa ndi kalonga wa ku Prussia mu 1858, ndi wa chitsirizira, Beatrice, wa mu 1885.

Waukulu kuposa yonse ndi wachisoni. Albert anamwalira pa 14 Disembala 1861 ali ndi zaka 42 zokha, ndipo chaka chotsatira mkazi wake anamumangira piramidi ya miyala ya granite pa phiri la Creag an Lurachain. Mbali iliyonse ya tsinde lake ndi yotalika mamita oposa 12. Mfumukazi Victoria anavala zakuda mpaka imfa yake mu 1901, ndipo kukula kwa mulu umenewu kukuonetsa kuti mayiyu anasweka mtima kwenikweni.

Anamangiranso mulu John Brown, wantchito wake wokhulupirika, koma mwana wa mfumukaziyi, Edward VII, amene sankamukonda Brown, anaugwetsa atalowa ufumu.