Agogo M'chigafa cha Eni: Gawo 3

M'gawo lapitali, agogo anapezeka mbandakucha m'chigafa cha aneba atangomanga kansalu m'chiuno, ndipo mudzi unayamba manong'onong'o. Amalume anandiimbira foni ku Cape Town kuti ndibwere msanga.

Minibasi inanditsitsa pa Chinkhoma dzuwa litapendeka. Malole a mabelo anali atandanda kunja kwa msika wa fodya, eni ake atakhala m'mithunzi kudikira tsiku lawo la okushoni. Ndinakwera kabaza, ndipo tisanafike n'komwe pa mjigo wa kwathu, mnyamata wa njingayo anali atandiuza kale za gogo wina amene akuti anagwa pa lichero. Sankadziwa kuti wanyamula mdzukulu wake.

Amalume anandilandira chikwama osandiyang'ana kumaso.

"Wafika bwino, mwanawe, koma kuno zinthu zaipa. Kamwana ka anebawa kanakomoka dzana, kali kuchipatala. Adokotala akuti ndi malungo, koma bambo ake sakumva zimenezo. Mawa afumu aitanitsa bwalo."

Agogo anali pakhonde. Zala zawo zinkasalaza nsonga ya chitenje, kuipinda, kuisalazanso, zala zimene zasankha fodya kuyambira m'maesiteti a nthawi ya Kamuzu. Ndinagwada ndi kuwapatsa moni. Anandiyang'anitsitsa kwa nthawi, kenako nkhope yawo inamasuka.

"Wabwera? Nanga mwana wamusiya ndi yani? Usamamugoneke ndi njala mwana uja."

Ankaona mayi anga, amene tinawaika m'manda ine ndili ku sekondale. Mwana ankamufunsayo ndinali ine.

Chimene chikuwadya agogo ndimachiona tsiku lililonse kuntchito. Ndimathira puloteni yotchedwa tau m'timabotolo tating'ono, n'kutiika m'makina ofunda madigiri 37, kutentha kwa thupi la munthu, kuti azitigwedeza usana ndi usiku. Ndimaonjezamo utoto wa thioflavin T, umene umawala pokhapokha tauyo akayamba kumatana n'kupanga timaulusi. Pa kompyuta mzere umagona phee kwa maola ambiri, kenako umadzuka mwadzidzidzi n'kukwera. Ntchito yanga ndi kufufuza chimene chingaugoneke mzerewo nthawi yotalikirapo.

Usiku, titadya nsima, ndinawafotokozera amalume pafupi ndi jeke yawo yodindira mabelo.

"Amalume, m'bongo muli timaselo tautali tokhala ndi timizati m'kati mwake. Tau ndiye luzi lomanga timizatito, monga mmene mumamangira mikangala m'chigafa. Luzi likamasuka n'kupiringizana palokha, mikangala imagwa, fodya yense pansi. Kunja kwa maselowo kumaunjikananso puloteni ina, amyloid, ndipo imayamba kuunjikana zaka pafupifupi 20 munthu asanayambe kuiwala."

"Zimenezi unaziona ndi maso ako?"

"Ndinaziona, ndipo woyamba si ine. Dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer, anaziona mu 1906 m'bongo wa mayi Auguste Deter, amene anamwalira ataiwala ngakhale kalembedwe ka dzina lawo. Mu 1991 Heiko Braak ndi mkazi wake Eva anasonyeza njira imene tau amadutsa: amayambira kumene bongo umasungira zinthu zatsopano, zakale amazifika mochedwa. N'chifukwa chake agogo sakudziwa ngati adya lero, koma akudziwa kuti nyengo ino fodya amafuna kumuyendera usiku, kuona ngati chinyezi chamufewetsa. Sapita kukatamba. Amapita kuntchito, kungoti chigafa chawo chinagwa kalekale."

Amalume anakhala chete, akukanda phula la fodya m'zikhadabo.

"Ndiye mankhwala ake wabwera nawo?"

Funso limeneli ndinkaliopa kuyambira pa bwalo la ndege. Ndinawauza zoona. Mu 2023 dziko la America linavomereza mankhwala a lecanemab, amene amachotsa amyloid m'bongo. Sachiritsa. Pa kafukufuku wa miyezi 18 anangochepetsa liwiro la matenda ndi 27 peresenti, komanso kwa anthu amene angoyamba kumene kudwala. Amaperekedwa pa diripi milungu iwiri iliyonse, wodwala azijambulidwa bongo ndi makina a MRI chifukwa ena umatupa, ndipo mtengo wake unali madola 26,500 pa chaka. Amalume anawerengera mabelo chamumtima, n'kupukusa mutu.

"Basi tilibe kanthu."

"Tili nacho. Tiike loko pachitseko, tiziwasiyira nyale usiku, wina azigona nawo. Ndipo mawa ndikalankhula pabwalo."

"Mwana wamkazi, pamaso pa afumu ndi nduna zawo?"

"Mundipemphere mwayi inuyo, ndinu mwinimbumba. Lamulo la 1911 lija lidakalipo: kumunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu. Afumu akudziwa."

Lamulolo ndinalitchula molimba mtima, koma m'mimba munali mutazizira. Linalipo kale mu January 2016 pamene anthu a ku Neno anapha okalamba anayi chifukwa mphezi inakantha mtsikana. Zimandiwawa kuti matenda amene ali ndi dzina, amene ndikhoza kuwaonetsa pa galasi la maikulosikopu, kwathu kuno akuweruzidwa ndi zibonga. Agogo amenewa analera theka la mudzi uno. Bambo a kamwana kodwalako anabadwira m'manja mwawo.

Loko panalibe, sitolo zinali zitatsekedwa. Ndinayala mphasa yanga mopingasa pakhomo kuti aliyense wotuluka andiponde. Agogo anavuta kugona, monga amachitira odwala ambiri dzuwa likalowa: ankafunafuna mpeni wawo, ankafunsa ngati matenanti alandira chimanga. Ndinawagwira dzanja mpaka mpweya wawo unatsika. Ulendo wa masiku awiri unandigonjetsa nanenso.

Chinandidzutsa ndi kulira. Kunayamba ndi mawu amodzi a mzimayi, akuthwa, kuchokera kwa aneba, kenako ena anapolokezana nawo. Palibe wobadwira kumudzi amene amafunsa tanthauzo la kulira koteroko. Kamwana kaja kanali katatisiya.

Ndinayatsa tochi ya pafoni. Chitseko chinali chotseka bwinobwino kumbuyo kwanga. Koma bulangeti la agogo linali pansi, ndipo kachitseko ka kuseri, kamene amalume anati anakakhoma ndi misomali chaka chatha, kanali pululu.

"Amalume! Amalume, dzukani!"

Tinathamanga opanda nsapato kudutsa m'mizere ya mapesi a fodya, zitsa zikutibaya. Kutsogolo kwathu matochi anali atachuluka kale, onse akulowera kumodzi, ku zigafa za anamfedwa. Wina ankaimba wezulo. Ndinamva mawu a agogo m'kati mwa chigafa, odekha, akulangiza munthu amene kulibe kuti asapanikize masamba. Denga linali la udzu wouma, fodya ali thothotho mpaka pansi.

"Ali muno! Abweranso kudzaona ntchito yawo!"

Ndinadzipanikiza pakati pa mapewa a anthu mpaka ndinaima pakhomo pa chigafacho, manja nditatambasula. Fungo la petulo linandimenya m'mphuno. Bambo a malemu anali patsogolo panga, maso ali psuu, chigubu chopanda kanthu chili kumapazi kwawo.

"Choka apo, mwana iwe," anatero. Kenako anatembenukira kumbuyo. "Ndani ali ndi machesi?"

Ipitirira.