Ntchito ya Thukuta ndi Ma ARV: Tisamale Thupi Lomwe Limatidyetsa

M'boma la Chiradzulu anthu ambiri amadya za thukuta lawo. Ena amaswa miyala cha ku Njuli, ena amaumba ndi kuotcha njerwa, ena amakumba mchenga m'mitsinje, pomwe ena amapalasa kabaza kapena kusenza matumba a simenti ndi chimanga. Kwa anthu amenewa mpamba ndi thupi. Thupi likagona, pakhomo sipafuka utsi. Pakati pawo pali abale ndi alongo athu omwe ali ndi kachirombo ka HIV, ndipo funso lomwe timalimva kawirikawiri ndi lakuti: kodi munthu amene akumwa ma ARV angathe kugwira ntchito yolemetsa?

Yankho ndi lakuti inde, ndipo umboni uli konkuno. Mu Ogasiti 2001 bungwe la Médecins Sans Frontières linayamba kupereka ma ARV aulere pachipatala cha boma cha Chiradzulu, boma lisanayambe kuwapereka m'dziko lonse mu 2004. Kenaka mankhwalawa anafika m'zipatala zing'onozing'ono monga Namitambo, Namadzi, Mbulumbuzi, Milepa ndi Nkalo. Anthu omwe anabwera atanyamulidwa panjinga anabwerera kumunda ndi kumaganyu. Komabe kafukufuku wa m'bomali wa 2013 anapeza kuti anthu akuluakulu 17 mwa 100 alionse anali ndi kachiromboka. Choncho nkhaniyi ikukhudza pafupifupi gulu lililonse la aganyu.

Fumbi la miyala ndi chifuwa chachikulu

Mwala ukamaswedwa umatulutsa fumbi losalala kwambiri lomwe limakakhazikika m'mapapo osatulukanso. Pakapita zaka mapapo amachita zipsera ndipo munthu amayamba kubanika. Matendawa, omwe madokotala amawatcha silicosis, alibe mankhwala ochiza, ndipo amachititsa kuti chifuwa chachikulu cha TB chimugwire munthu mosavuta. HIV nayo imachita chimodzimodzi pofooketsa chitetezo cha m'thupi. Ziwirizi zikakumana, chiopsezo chimakula kwambiri. Azigogo athu omwe anapita ku migodi ya golide ku South Africa kudzera ku Wenela ndi Teba akuidziwa bwino nkhaniyi, chifukwa ambiri anabwerako ndi chifuwa chosatha.

Tiziwaza madzi pamiyala tisanayambe kuswa, ndipo tizikhala mbali yomwe mphepo ikuchokera. Kansalu kapamphuno sikatchinga fumbi losalalali. Pofunika ndi masiki yeniyeni yafumbi. Ana asamasewere pomwe tikuswa miyala kapena pafupi ndi utsi wa uvuni. Tikayamba kutsokomola, kutentha thupi, kutuluka thukuta usiku kapena kuwonda, tisanene kuti "ndi fumbi chabe". Tipite tikayezetse makhololo. Mankhwala a TB ndi aulere ndipo kawirikawiri amamwedwa kwa miyezi 6. Alipo mankhwala ena oteteza ku TB omwe amaperekedwa kwa anthu omwe ali ndi HIV. Tifunse za iwo kuchipatala.

Madzi, impso ndi mankhwala a m'golosale

Kuyambira mu 2019 anthu ambiri m'Malawi muno akumwa mbulu umodzi patsiku womwe muli mankhwala atatu: tenofovir, lamivudine ndi dolutegravir. Ndi mankhwala amphamvu, ndipo sayambitsa dzanzi la kumapazi lomwe ambiri ankadandaula nalo m'masiku a Triomune. Koma tenofovir amatuluka m'thupi kudzera mu impso. Munthu akamagwira ntchito padzuwa la mu Okutobala osamwa madzi, impso zimavutika. Akaonjezerapo kumwa bulufeni, indosidi kapena diclofenac tsiku ndi tsiku pofuna kupha ululu wa msana, impsozo zitha kuonongeka mwakachetechete.

Tizinyamula chigubu cha madzi aukhondo ndi kumamwa pafupipafupi, osadikira ludzu. Mkodzo ukakhala wochepa ndi wachikasu kwambiri, ndiye kuti madzi achepa m'thupi. Ntchito zolemetsa kwambiri tizizigwira m'mamawa, ndipo masana tizipumako pamthunzi. Ululu ukapitirira masiku angapo tikaonane ndi achipatala, ndipo tiwauze kuti tikumwa ma ARV. Tidziwenso kuti mankhwala a kutentha pamtima ndi oonjezera magazi amatha kuchepetsa mphamvu ya dolutegravir ngati tiwamwa mosatsata malangizo. Tisanayambe kumwa, tifunse kaye.

Chakudya ndi kasenzedwe

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO linanena mu 2003 kuti munthu wamkulu yemwe ali ndi HIV koma sakudwala amafunika chakudya chopatsa mphamvu choonjezera ndi magawo 10 pa 100 alionse, ndipo akamadwala amafunika magawo 20 mpaka 30. Nanga kuli bwanji yemwe akuponda dothi la njerwa tsiku lonse? Tisapite kuganyu kumimba kuli pululu. Phala lamgaiwa lotsira nsinjiro, mbatata, chinangwa ndi thobwa zimapatsa mphamvu. Nandolo, khobwe, soya, matemba ndi mazira zimamanga thupi. Kachasu satsitsimutsa thupi. Amangobisa kutopa, amaononga chiwindi ndipo amaiwalitsa mankhwala.

Thumba la simenti limalemera makilogalamu 50. Poliutsa tizipinda mawondo, msana uli chilili, katundu ali pafupi ndi thupi. Mutu umodzi susenza denga, choncho katundu akalemera tiitane mnzathu. Tikadzicheka titsuke bala ndi madzi ndi sopo n'kulimanga, ndipo ngati ndi lakuya tipite kuchipatala chifukwa cha kafumbata. Pothandiza mnzathu wovulala tivale magolovesi kapena jumbo yoyera m'manja. HIV sifala kudzera m'thukuta, m'khasu kapena m'kapu yomwera madzi.

Ganyu asatilande mankhwala

Vuto lalikulu kwa waganyu ndi tsiku lakuchipatala, chifukwa tsiku limenelo salandira kanthu. Ena akapeza ntchito yomanga ku Limbe, ku Zomba kapena ku Mozambique amanyamuka ndi mankhwala osakwanira. Kudumphitsa mankhwala kumapatsa kachirombo mpata wochulukana ndi kuyamba kupima mankhwalawo, ndipo mapeto ake munthu amataya miyezi yambiri ali pamphasa. Tisananyamuke tipite kuchipatala ndi buku lathu tikafotokoze za ulendowo. Amene akumwa bwino ndipo tizirombo tachepa m'magazi amatha kupatsidwa mankhwala a miyezi ingapo. Botolo tizilisunga lotseka, pamalo ouma, osati padzuwa. Munthu amene tizirombo take sitikuonekanso poyeza magazi sapatsira mnzake HIV pogonana.

Kwa akapitao ndi eni ntchito, tikukumbutsa kuti lamulo la HIV ndi Edzi la 2018 limaletsa kukakamiza munthu kuyezetsa magazi kuti alembedwe ntchito, komanso kumuchotsa ntchito chifukwa chakuti ali ndi kachiromboka. Muloleni wantchito wanu apite kukatenga mankhwala, ikani madzi akumwa pamalo antchito, ndipo musunge chinsinsi chake.

Ngati simunayezetse magazi, pitani kuchipatala chomwe muli nacho pafupi kapena funsani alangizi a zaumoyo a m'dera lanu. Kuyezetsa ndi kwaulere, ndipo kuyambira mu 2016 aliyense wopezeka ndi HIV amayamba ma ARV osadikira kuti adwale.