Musanalipire pikiapu yakale, lowani kunsi muone chasisi

Amalume anga amachita geni ya kachewere ndi kabichi. Kwa zaka zambiri akhala akupikula ku Tsangano n'kumagulitsa mumzinda wa Blantyre, ndipo chomwe chimawadyera phindu chinali ndalama ya hayala. Chaka chatha anatenga zomwe anasunga ku banki mkhonde, n'kuonjezera za ngongole, kukagula pikiapu yakale. Penti inali yowala, injini inkalira kamodzin'kamodzi, matayala anali abwino. Mwezi wachitatu usanathe, atapakira matumba, tayala lakumbuyo linagwera m'dzenje la pamsewu ndipo galimoto inakhala pansi mbali imodzi. Chitsulo chogwira sipuling'i chinali chitazuka pachasisi. Mwamwayi palibe anavulala. Wowotcherera atagogoda malo ozungulira bowolo anapukusa mutu, nati palibe pogwira, chitsulo chonse chasanduka makoko. Lero galimoto ili pamwala kuseri kwa nyumba, koma ngongole ikubwezedwabe mwezi ndi mwezi.

Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ambirife tikamagula galimoto yakale timamvetsera injini, kuyang'ana utsi ndi kuyesa magiya. Zimenezi n'zofunika, koma injini ikafa mutha kugula ina n'kuika. Chasisi ikaola, chomwe mwagula ndi mulu wa zitsulo zokagulitsa pa sikelo.

Chasisi ndi zitsulo ziwiri zazitali zoyenda kunsi kwa galimoto kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo, zolumikizidwa ndi zina zopingasa, ngati makwerero ogonekedwa pansi. Umu ndi mmene anapangira Toyota Hilux, Land Cruiser, Land Rover zakale ndi malole monga Dyna ndi Canter. Injini, giyabokosi, masipuling'i, chiwongolero ndi bodi, zonse zimamangidwa pa zitsulo zimenezi, ndipo katundu yense amene mwapakira amatsamira pomwepo. Galimoto zing'onozing'ono monga Corolla, Probox ndi Sienta zilibe chasisi yapayokha. Bodi yomweyo ndiyo imanyamula chilichonse, choncho dzimbiri likadya pansi pa zitseko kapena pomwe pamangidwa mashokabu, ladya mafupa a galimotoyo.

Dzimbiri limabwera chitsulo chikakumana ndi madzi ndi mpweya. Mchere umafulumizitsa ntchitoyi kwambiri. Kuno kwathu sitithira mchere pamsewu, koma galimoto zambiri zomwe timagula zinayamba zayenda kwina. Ku Britain ndi kumpoto kwa Japan, monga ku Hokkaido, amathira mchere m'misewu nyengo yozizira kuti madzi oundana asungunuke, ndipo mcherewo umathovukira kunsi kwa galimoto chaka ndi chaka. Galimoto yomwe yakhala nthawi yaitali m'mizinda ya m'mbali mwa nyanja ya mchere monga Durban, Beira kapena Dar es Salaam nayo imakhala italawa chinyontho chamchere. Ikafika kuno timaonjezera tokha. Feteleza wotayikira m'bodi, matumba a mchere, madzi a nsomba zaziwisi ndi matope a dzinja omwe amakanirira m'ngodya za chasisi kwa miyezi, zonsezi zimadyetsa dzimbiri.

Musaganize kuti dzina la kampani ndi chitetezo. Mu 2016 kampani ya Toyota inavomera ku America kuwononga ndalama zofika madola 3.4 biliyoni poyendera ndi kusintha machasisi a galimoto za mtundu wa Tacoma, Tundra ndi Sequoia omwe ankaola msanga. Ngati zinachitikira galimoto zomwe zinali zisanakalambe kwenikweni, pikiapu ya zaka 25 yomwe yadutsa m'manja mwa anthu asanu iyenera kuonedwa bwino.

Zoyenera kutenga popita kukaona galimoto n'zotchipa: tochi yowala bwino, hamala yaing'ono, sikuludiraiva yaikulu, maginito, chingwe kapena tepi yoyezera, ndi katoni yogonera. Pitani masana, tsiku lopanda mvula, chifukwa chitsulo chonyowa chimaoneka chakuda ndi chosalala ngakhale chili chodyeka. Ngati kunsi kuli matope, pemphani kuti galimoto ikatsukidwe kaye. Chabwino koposa n'kupita nayo kugalaja komwe kuli dzenje loimamo munthu. Osalowa kunsi kwa galimoto yomwe yaimikidwa pa jeke yokha, ndipo dikirani kuti paipi ya utsi izizire. Tengani makaniko wanu amene mumamudziwa. Yemwe wabwera ndi wogulitsa kapena ndi dobadoba amadya pomwepo galimoto ikagulidwa.

Dzimbiri lili pa misinkhu itatu, ndipo mtengo wa galimoto umadalira kuti lafika pati. Loyamba ndi la pamwamba, lofiirira, lomwe mukapala ndi sikuludiraiva pansi pake pamaoneka chitsulo cholimba. Pafupifupi galimoto yakale iliyonse ili nalo ndipo siliyenera kukuopsezani. Lachiwiri ndi lomwe latupa n'kumafundukuka makoko ngati khungwa la bulugamu. Dzimbiri limatenga malo aakulu kuposa chitsulo chomwe ladya, n'chifukwa chake limatukumula penti ndi kukankha malo olumikizira zitsulo. Mukachotsa makokowo, chitsulo chotsala chimakhala chopyapyala kuposa mmene chinaliri. Lachitatu ndi loboola. Apa sikuludiraiva imalowa mukangokankha ndi dzanja.

Yambani kutsogolo, muziyenda ndi chitsulo chimodzi mpaka kumbuyo, kenako mubwerere ndi chinzake. Gogodani pang'onopang'ono ndi hamala, mutapempha mwini wake. Chitsulo chabwino chimalira ngati belu ndipo hamala imadumpha. Chodyeka chimalira mogonthera, ngati mukugogoda thabwa lofumbwa, ndipo nthawi zina timakoko timayoyoka. Chasisi ya mapikiapu ambiri ndi yotsekeka ngati bokosi, ndipo imaola kuchokera m'kati momwe matope ndi madzi zimakhazikika. Kunja kutha kuoneka bwino m'kati mutatha. Walitsani tochi m'mabowo a m'mbali mwa chasisi, lowetsani chala kapena waya. Mukatulutsa makoko okhuthala ngati ndalama yachitsulo, dziwani kuti achokera pachasisi pomwepo.

Pali malo omwe muyenera kukhalitsapo. Oyamba ndi pomwe masipuling'i akumbuyo agwira chasisi, kutsogolo ndi kumbuyo kwake, chifukwa kulemera kwa katundu kumathera pamenepo. Ena ndi pomwe pamangidwa mashokabu, pomwe bokosi la chiwongolero lamangidwa, zitsulo zopingasa makamaka chomwe chili pamwamba pa tayala lasipeya, ndi kuseri kwa thanki ya mafuta komwe madzi otsukira safika. Onaninso pakati pa kabini ndi bodi, pomwe chasisi imapindika galimoto ikalemedwa. Ku Britain, oyeza galimoto pa mayeso a chaka ndi chaka otchedwa MOT amaikaniza galimoto ngati dzimbiri lafooketsa chitsulo pa mtunda wa masentimita 30 kuchokera pomwe pamangidwa zinthu monga masipuling'i, chiwongolero, mabuleki kapena malamba a pampando. Muyezo umenewu ndi wabwino kuubwereka. Bowo lomwe lili pafupi chotero ndi malo amenewa likhudza moyo wanu ndi wa anyamata okwera pamwamba pa katundu.

Muli kunsi komweko, tsatirani timapaipi tachitsulo ta mabuleki tomwe timayenda m'mbali mwa chasisi. Tikatupa ndi dzimbiri titha kuphulika tsiku lomwe mwaponda buleki mwamphamvu pamtsetse. Mukatuluka, tsegulani boneti muone pansi pa batire, pomwe asidi amadonthera. Kwezani makapeti m'kabini, mugwire pansi ngati pali chinyontho. Ngati m'bodi mwayalidwa mphira kapena matabwa, pemphani kuti akweze mbali imodzi muone.

Ogulitsa ena amadziwa kubisa. Chasisi ya galimoto ya zaka 20 yomwe yapakidwa penti yakuda yonyezimira sabata yomweyo iyenera kukufunsitsani mafunso. Ena amapaka phula lokhuthala kapena oyilo wakutha wosakaniza ndi fumbi kuti mabowo asaoneke. Kandani ndi sikuludiraiva malo awiri kapena atatu. Pa bodi, mapanelobita ena amatseka bowo ndi fila n'kupenta. Apa ndi pomwe maginito amagwira ntchito: pachitsulo amakakamira, pa fila wokhuthala amagwa kapena kugwira mofooka. Kulungani maginitowo m'kansalu kuti musakande penti. Pa Land Rover zakale njira imeneyi siithandiza, chifukwa mbali yaikulu ya bodi yake ndi ya aluminiyamu, yomwe maginito sagwira ndiponso siichita dzimbiri lofiira. Ichi n'chomwe chimapusitsa ogula ambiri. Bodi imaoneka yosadyeka pomwe chasisi ndi chitsulo cha pakati pa injini ndi oyendetsa, zomwe ndi zachitsulo wamba, zatha.

Chigamba chowotcherera pachasisi sichitanthauza kuti galimoto ndi yoipa. Mmisiri wabwino amadula podyeka ponse n'kuika chitsulo chatsopano chokhuthala mofanana ndi chakale, n'kuwotcherera mzere wosadukiza kuzungulira chigambacho. Woipa amangophimba bowo ndi lata n'kudonthezera m'makona, ndipo dzimbiri limapitiriza kudya kunsi kwake. Zigamba zikakhala zitatu kapena zinayi pachitsulo chimodzi, ndiye kuti chitsulocho chikutha paliponse, ndipo chigamba chachisanu mudzalipira ndinu.

Imikani galimoto pamalo athyathyathya, muime chapatali n'kuyang'ana mpata wa pakati pa kabini ndi bodi. Uyenera kufanana pamwamba ndi pansi, kumanja ndi kumanzere. Yezani ndi chingwe kuchokera pakati pa tayala lakutsogolo mpaka pakati pa lakumbuyo, matayala atawongoka, kenako muyeze mbali inayo. Zikasiyana moonekeratu, chasisi inapindika kapena china chake chasuntha. Wina aiyendetse inu mukuyang'ana kumbuyo kwake. Galimoto yoyenda chammbali ngati nkhanu imadya matayala, ndipo mukudziwa mtengo wa tayala masiku ano.

Musaiwale nambala ya chasisi. Pa mapikiapu ambiri imadindidwa pachitsulo cha chasisi pafupi ndi tayala lakutsogolo. Ipukuteni muiwerenge yonse, muifananize ndi yomwe ili pa blue book. Ngati dzimbiri ladya manambala ena, kapena pamalopo pawotchereredwa chigamba, mudzavutika posintha umwini ndi potenga COF ku Road Traffic, ndipo apolisi atha kuikayikira kuti ndi yobedwa.

Amene mukuitanitsa galimoto kunja simungalowe kunsi, komabe pali chochita. Galimoto zogulidwa pa okushoni ku Japan zimakhala ndi pepala la oyeza. Pa chithunzi cha galimoto chomwe chili papepalapo, chilembo S chimasonyeza dzimbiri, pomwe C chimasonyeza kuti chitsulo chadyeka. Pemphani pepalali pamodzi ndi zithunzi za kunsi musanatumize ndalama. Ya ku Britain, mbiri yake ya MOT imapezeka mwaulere pa intaneti mukalemba nambala yomwe inali nayo kumeneko, ndipo oyeza amalemba akaona dzimbiri. Malangizo omwewa akhudzanso omwe amagula galimoto zamakedzana monga Peugeot 404, Beetle kapena Mercedes zakale kuti azichititsa hayala pa maukwati kapena kugulitsanso. Wogula wodziwa amayamba kuyang'ana kunsi, ndipo mtengo amautchula atatuluka kumeneko.

Tsono mukapeza dzimbiri mutani? La pamwamba lokha, gulani, koma litchuleni ponenerera mtengo. La makoko pa malo amodzi kapena awiri otalikirana ndi masipuling'i ndi chiwongolero, itanani wowotcherera aone ndi maso ake, atchule mtengo wokonzera, ndipo muuchotse pa mtengo wa galimoto. Onjezeranipo masiku omwe galimoto idzakhale kugalaja inu mukulipirabe hayala. Tiyerekeze kuti pali mapikiapu awiri, ina ya K9 miliyoni yachasisi yolimba koma penti yosuluka, ina ya K7.5 miliyoni yowala koma yoboola pafupi ndi sipuling'i. Yachiwiriyo ikuoneka ngati yakupulumutsirani K1.5 miliyoni, koma kukonza kwake kumafuna kutsitsa bodi ndi thanki, ndipo mmisiri akayamba kudula amapeza kuti podyeka ndi papakulu kuposa pomwe pamaoneka. Penti yosuluka siilepheretsa matumba kufika pamsika. Ngati sikuludiraiva yalowa pa malo onyamula katundu, kapena mwini galimoto akukana kuti mugogode, bwererani ndi ndalama zanu.

Mukagula yabwino, isamaleni. Yalani lona kapena pulasitiki yokhuthala musanapakire feteleza, mchere kapena nsomba, ndipo tsukani bodi tsiku lomwelo. Mvula ikatha mu Epulo, tsukitsani kunsi ndi madzi amphamvu, mutsegule ndi waya timabowo totulutsira madzi ta pansi pa chasisi. Pomwe paoneka dzimbiri lofiirira, palani ndi bulashi yawaya, pakani red oxide yomwe imapezeka m'mahadiweya, kenako penti yakuda pamwamba. Ntchito imeneyi ndi ya Loweruka limodzi pachaka, ndipo mtengo wake sufika ngakhale pa hayala ya ulendo umodzi wochokera ku Tsangano.