Anachira dzana, lero wagonanso

Mu Blantyre munthu amatengedwa kuti wachira akangooneka panja. Akafika kutchalitchi Lamulungu, akakwera minibasi pa Mibawa, akatsegulanso benchi yake mumsika wa Limbe, abale mitima imakhala pansi. Odzazonda amaleka kubwera, ndipo mtsikana amene anachokera kumudzi kudzathandiza ntchito amapatsidwa ya basi kuti azibwerera. Kwa wodwala malungo muyeso umenewu sulakwika kwenikweni. Koma pali matenda awiri amene kuchira kwake kumapita kutsogolo n'kubwereranso m'mbuyo kambirimbiri, ndipo eni ake amazunzika kwambiri pa nthawi imene aliyense wasiya kale kuwaona ngati odwala.

Oyamba ndi matenda a kuvutika maganizo, amene kuchipatala amati depression. Munthu amakhala wosweka mtima masabata awiri kapena kuposerapo, zimene zinkamukomera sizimukomeranso, tulo ndi kadyedwe zimasokonekera. Achiwiri ndi kutopa kosatha, kumene ngakhale munthu agone usiku wonse sikuchoka. Mtundu wake wovuta kwambiri umatchedwa ME/CFS, ndipo bungwe la WHO linauika m'gulu la matenda a ubongo ndi mitsempha kuyambira 1969. Kawirikawiri umayamba munthu atadwala matenda ena opatsirana. Kuno ambiri anayamba kuona kutopa kotere COVID-19 itafika mu Epulo 2020, pamene ena amene anapulumuka anapeza kuti miyezi ikutha koma mphamvu sizikubwerera. Mu Okutobala 2021 WHO inafotokoza vuto lotsalira pambuyo pa COVID-19, ndipo kutopa inakuika pakati pa zizindikiro zake zofala kwambiri.

Chitsanzo chikhale mayi wa ku Bangwe wogulitsa kaunjika, amene wakhala akudwaladwala chaka chonse. Lachisanu wadzuka thupi lili lopepuka. Poona kuti masiku otere ndi osowa, wachapa zovala zonse zimene zinaunjikana, wakwera minibasi kukadula belo ku Limbe, ndipo Loweruka wakachezera pamaliro a mnansi ku Ndirande, kuimba usiku wonse pamphasa. Lamulungu akadali bwinobwino. Lolemba walephera ngakhale kudzutsa mutu. Miyendo yalemera, mutu ukuwawa, akayamba kulankhula mawu akumuthawa. Apongozi ake akuti: "Si dzana lomweli tinali nawo kumaliro akuyimba? Uwu ndi ulesi basi."

Palibe m'nyumbamo amene angalumikize Lolemba ndi Lachisanu, chifukwa kutopa kumene anthu amakudziwa kumabwera madzulo a tsiku lomwelo. Kwa wodwala ME/CFS, ndi kwa ambiri otsala ndi kutopa pambuyo pa COVID-19, thupi limagwa mochedwa, kawirikawiri pakatha maola 12 mpaka 48, ndipo limatha kukhala pansi masiku angapo kapena masabata. Zili ngati katapila: mphamvu zimene wabwereka Lachisanu ukazibweza Lolemba, ndi chiwongola dzanja chochuluka. Ntchito yamanja yokha siyo imachititsa zimenezi. Kuwerengera ndalama za banki mkhonde kwa maola awiri, phokoso la pachinkhoswe, kapena mkangano wa m'banja, zonsezi zimadya mphamvu zomwezo.

Apa ndi pamene pali vuto limene ngakhale azaumoyo ena limawasokoneza. Matenda awiriwa amafanana maonekedwe, nthawi zambiri amakhala mwa munthu mmodzi, koma akabwerera amafuna zinthu zosiyana. Wovutika maganizo akadzitsekera m'chipinda matenda amakula, ndipo alangizi amamulimbikitsa kudzuka, kusamba, kuyenda pang'ono, kukumana ndi anthu ngakhale mtima usakufuna. Wa kutopa kosatha akakakamizidwa chimodzimodzi amabwerera m'mbuyo. Kwa zaka zambiri madokotala ku Britain ankauza odwala ME/CFS kuti aziwonjezera masewera olimbitsa thupi mlungu ndi mlungu, mpaka mu Okutobala 2021 pamene bungwe la NICE, limene limalemba malangizo a kachizidwe kumeneko, linachotsa njirayi. Odwala anali atadandaula kwa nthawi yaitali kuti ikuwapweteka.

Nanga munthu adziwa bwanji chimene chamugwetsa ulendo uno? Mafunso awiri amathandiza. Kodi mtima ukufuna kupita kumsika koma thupi likukana, kapena thupi lingathe koma mtima sukuona chifukwa chopitira? Ndipo akayenda mpaka pa golosale n'kubwerako, mawa lake amadzuka wopepukidwa kapena woipiratu? Mayankho saoneka tsiku limodzi. Kope la sukulu ndi lokwanira: tsiku lililonse mizere iwiri, zimene wachita ndi mmene wadzukira. Pakatha mwezi munthu amayamba kuona yekha kuti kugwa kwake kumatsatira chiyani, ndipo amakhala ndi chomuonetsa dokotala amene ali ndi mphindi zochepa komanso mzere wautali panja.

Kugawa mphamvu n'kosavuta kunena, koma Blantyre si mzinda wochitira chifundo munthu wofooka. Ndirande, Chilobwe, Bangwe ndi Mbayani ndi malo a zitunda, ndipo nyumba zambiri zili kumtunda kumene minibasi sifika. Madzi a mumzindawu ambiri amapopedwa kuchokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire, ndipo magetsi akavuta mipopi imauma, munthu n'kuyamba kusenza zigubu kuchokera kutali. Wodya za tsiku lomwelo sangauzidwe kuti apume mwezi. Chimene chimatheka ndi kuduladula ntchito: kuchapa zovala zochepa atakhala pansi, kuphika ali pampando, kulipira kabaza pa chitunda chokhacho n'kuyenda pansi pamene pali see, kukapepesa maliro masana m'malo mogona komweko. Chovuta kuposa zonse ndi kuleka ntchito mphamvu zikadalipo. Tsiku labwino ndilo lofunika kusamala nalo kwambiri, chifukwa ndilo limanyengerera munthu kulipira ngongole zonse za ntchito nthawi imodzi.

Kumbali ya kuvutika maganizo, chobweza anthu m'mbuyo kawirikawiri ndi kusiya mankhwala msanga. Amene amaperekedwa kwambiri m'zipatala za boma kuno ndi amitriptyline ndi fluoxetine. Amatenga masabata angapo kuti ayambe kugwira ntchito, ndipo sabata zoyambirirazo ena amamva kuuma kukamwa, kuodzera kapena nseru, n'kuganiza kuti akuwonjezera matenda. Ena amamwa bwinobwino, akapeza bwino amati achira n'kuleka. Komatu malangizo a WHO a mhGAP amati munthu apitirize kumwa miyezi yosachepera 6 zizindikiro zitatha, ndipo kusiya kwake kukhale kwapang'onopang'ono, mogwirizana ndi dokotala. Pafupifupi theka la anthu amene adwalapo matendawa kamodzi amadzadwalanso. Chiwerengero chimenechi chiyenera kuuzidwa kwa wodwala aliyense tsiku loyamba lomwe, kuti matenda akadzabwerera asadzaganize kuti iye yekha ndiye wolephera.

Si onse amasiya mwadala. Mankhwala amatha m'zipatala, ndipo kukagula ku famase kumafuna ndalama imene banja likanagulira ufa. Wina amalephera ya minibasi ziwiri zokafikira kuchipatala. Palinso amene amauzidwa kumapemphero kuti kumwa mapiritsi atapemphereredwa ndi kusakhulupirira. Mpingo umachita zazikulu pa kuchira kwa munthu, ndipo amayi a Mvano kapena a mphakati amene amabwera kudzasesa ndi kudzacheza amachita ntchito imene chipatala sichingaithe. Koma mbusa wouza wodwala kuti ataye mankhwala akuika moyo wa munthuyo pangozi. Abambo ambiri nawonso amathawira ku mowa kuti tulo tibwere, pamene mowawo umaononga tulo tomweto n'kukulitsa kukhumudwa.

Nyengo nayonso imadzutsa zimene zinagona. Mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anagumula matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche n'kukwirira nyumba ku Chilobwe, ndipo mabanja ambiri mumzindawu anataya abale ndi katundu usiku umodzi. Munthu amene anaona zimenezo angathe kukhala bwino chilimwe chonse, koma mvula yoyamba ikagunda pa malata tulo timatha. Amene wadziwa miyezi imene imamuvuta angathe kukonzekera: kuuziratu m'bale mmodzi, kufupikitsa nthawi yokaonana ndi achipatala, ndi kusayamba zinthu zolemetsa nthawi imeneyo.

Pali chenjezo limodzi lofunika kwambiri m'dziko ngati lathu. Kutopa kukabwerera, si bwino kungoti ndi matenda akale aja. Kuchepa kwa magazi, chifuwa chachikulu, HIV, shuga, malungo ndi matenda a chithokomiro zonse zimafooketsa thupi, ndipo zonsezi zili ndi chithandizo chodziwika. Ngati kutopako kwabwera ndi kuonda, kutuluka thukuta usiku, kutsokomola kosatha kapena ludzu losazolowereka, munthu akayezetse asanadikire kuti kudutse.

Poyambira ndi chipatala chaching'ono cha m'dera, monga cha Ndirande, Limbe, Zingwangwa, Bangwe kapena Chilomoni. Vuto likakula amatumiza ku Gulupu, chipatala cha Queen Elizabeth pa Ginnery Corner, kumene kuli kiliniki ya matenda a maganizo yodziwika kuti Room 6. Ambiri amaopa kupitako poganiza kuti akatengedwa kupita ku Zomba Mental Hospital, pamene ochuluka mwa ovutika maganizo amathandizidwa n'kubwerera kunyumba tsiku lomwelo. Mafunso 9 oyezera kukula kwa vutoli, otchedwa PHQ-9, anamasuliridwa kale m'Chichewa. Ndipo mankhwala si njira yokhayo. Ku Harare, dokotala Dixon Chibanda anaphunzitsa agogo aakazi kukhala pa benchi kunja kwa kiliniki n'kumathandiza munthu kusankha vuto limodzi ndi kupeza chochita nalo. Kafukufuku amene anatuluka mu 2016 anaonetsa kuti patatha miyezi 6, mwa amene anakhala pa benchiyo 14 pa 100 alionse ndi amene anali ndi zizindikiro za kuvutika maganizo, pamene mwa amene analandira chithandizo chamasiku onse anali pafupifupi 50 pa 100. Njirayi, yotchedwa Friendship Bench, yayesedwanso m'zipatala zina ku Lilongwe.

Zambiri zimatsalira a m'nyumba. Mawu akuti "limbani mtima" ndi "mwayambiranso?" amauza wodwala kuti kugwa kwake ndi mlandu, ndipo ulendo wina amabisa mpaka zitafika poipa. Chothandiza ndi kugwirizana pa masiku abwino za chimene chidzachitike pa masiku oipa: ndani adzatunga madzi, ndani adzayang'anira benchi kumsika, ndani adzamuperekeza kuchipatala ndi bukhu lake. Abwana kuntchito angathandizenso polola munthu kubwerera ndi theka la tsiku poyamba. Koma wodwala akayamba kunena kuti ndi mtolo kwa anthu, kuti bola kufa, kapena akayamba kugawa katundu wake ndi kutsanzika mosadziwika bwino, asasiyidwe yekha. Mankhwala onse, makamaka amitriptyline amene ndi woopsa akamwedwa wambiri, komanso mankhwala a mbewu ndi a makoswe, achotsedwe pamene angawafikire, ndipo apite naye kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale usiku.